Ferret wanu ali ndi matenda a adrenal ndipo mmimba mwasokonekera, nazi zoti muchite

Izi ndikulembera anzanga amene mukuweta ferret, makamaka inu muli ku UK ndi ku America komwe tinyama timeneti timakhala mnyumba limodzi ndi anthu. Kwa amene simunamuonepo, ndi kanyama kathupi lalitali miyendo ifupiifupi, ka banja limodzi ndi kanyimbi wathu uja, kamphongo kamalemera kilo imodzi mpaka ziwiri, kakakazi nthawi zambiri sikapitirira kilo imodzi. Akafika zaka 3 kupita mtsogolo ambiri amagwidwa ndi matenda a adrenal, ndiye mwini wake akangouzidwa dzina la matendalo basi chilichonse chimene chingachitike pambuyo pake amati ndi adrenal yomweyo. Akatsegula mmimba, adrenal. Akasiya kudya, adrenal. Apa mpamene ambiri amataya kanyama kawo, chifukwa adrenal payokha sikawirikawiri kutsegulitsa mmimba kapena kusanzitsa, pamakhala china chake chomwe chabwera pambali ndipo chimenecho ndi chomwe tikuyenera kuchisaka.

Mwachidule, adrenal ndi tiziwalo tiwiri tating'ono tomwe tili pafupi ndi impso. Mwa galu tikadwala timatulutsa mahomoni otchedwa cortisol ambiri, koma mwa ferret nkhani yake ndi ina, timatulutsa mahomoni okhudza kubereka mopyola muyezo. Zimayamba kwambiri mwa amene anathenedwa kapena kutsekedwa ali aang'ono, komanso kukhala pa magetsi mpaka usiku tsiku ndi tsiku kumaganiziridwa kuti kumaonjezera. Nchifukwa chake mumaona ubweya ukuthothoka kuyambira kumchira kukwera kumsana, kudzikanda kosalekeza, kumaliseche kwa wamkazi kutupa ngakhale anatsekedwa kalekale, ndipo wamphongo prostate, kachiwalo kozungulira njira ya mkodzo pafupi ndi chikhodzodzo, imakula. Palibe chammatumbo pamenepa. Koma kuthothoka ubweya ndi prostate yakulayo zimakafika mmimba podzera njira ina, muona pansipa.

Choyamba penipeni, musanayang'ane nkomwe chimbudzi, onani ngati akukodza

Ichi ndachiika patsogolo dala ndipo amene muli ndi wamphongo chonde werengani kawiri. Prostate ikakula imafinya njira ya mkodzo, nthawi zina imakankhanso thumbo lakumapeto. Ndiye mumaona ferret akupita pakona pake pafupipafupi, akubwerera chammbuyo monga amachitira, akudzipanikiza, mwina kulira pang'ono, nkutuluka kachimbudzi kamadzimadzi kochepa kapena osatuluka kanthu. Munthu umangoti wadzimbidwa, kapena akutsegula pang'onopang'ono, umayamba kumusinthira zakudya, pamene chikhodzodzo chadzadza ndipo mkodzo sukutuluka. Zimenezi zimapha msanga, impso zimaonongeka ndipo tsiku limodzi kapena awiri ndi okwanira.

Chotsani zonse zomwe mwathira mu tileyi yake yodzithandiziramo, yalani mapepala oyera a kukhitchini, muikeni pamenepo akangodzuka kutulo chifukwa ferret amadzithandiza mphindi zochepa akadzuka. Mukaona chithaphwi cha mkodzo chabwinobwino mtima ukhale pansi. Mukaona timadontho tokha kapena pouma, akudzinyambita pansi pamimba, mimba yolimba ndipo akumva kuwawa mukaigwira, musadikire kuti kuche. Imbirani dokotala wa ziweto usiku womwewo ndipo munene mawu awa poyamba, kuti ndi wamphongo, ali ndi adrenal, sakukodza. Musayese kufinya chikhodzodzo nokha, chitha kuphulika.

Kenako chimbudzicho, chiyang'aneni bwinobwino ndipo chijambuleni pa foni

Ndikudziwa sizosangalatsa koma chimbudzi cha ferret chimanena zambiri. Chakudya chimangotenga maola 3 mpaka 4 kuti chidutse mthupi mwake, matumbo ake ndi aafupi, ndiye zomwe zalakwika mmawa masana mwaziona kale. Chabwinobwino chimakhala chabulauni, chachitali, chofewa koma choumbika.

Chakuda bii, chomata, chonunkha moposa masiku onse, amenewo ndi magazi ochokera kumtunda, nthawi zambiri zilonda zammimba. Pafupifupi ferret aliyense amakhala ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter mustelae mmimba mwake kuyambira ali mwana, kamangokhala phee, koma thupi likafooka ndi matenda ena kapena akapanikizika maganizo kamadzuka nkuyambitsa zilonda. Ferret wa adrenal amene akupita kuchipatala pafupipafupi, wabayidwa, wachitidwa opaleshoni, mwina akumwanso mankhwala a steroid otchedwa prednisolone, ndi amene zilonda zimamupeza mosavuta. Chizindikiro china ndi kukukuta mano, mumamva ndithu kuti gudu gudu mkamwa, komanso kupita pa mbale kununkhiza chakudya, kutafuna kamodzi kawiri nkuchoka. Dziwani kuti ngati mwamudyetsa chiwindi chambiri chimbudzi chimadanso, ndiye kumbukirani zomwe wadya dzulo.

Chobiriwira chotanuka ngati therere chimangotanthauza kuti chakudya chathamanga kwambiri mmatumbo, kamodzi kokha si nkhani. Koma chikapitirira, makamaka ngati mwabweretsa ferret watsopano mnyumba masabata awiri apitawa kapena munapita naye kokumana ndi ena, ganizirani za ECE. Awa ndi matenda a coronavirus ya ma ferret omwe anadziwika ku America mu 1993, ana amadwala pang'ono nkuchira koma nkumapatsirabe ena, akuluakulu ndi amene amavutika, ndipo wa adrenal wanuyo ndi wamkulu kale. Mpatuleni kwa anzake, mbale zake ndi tileyi yake zikhale zayekha, sambani mmanja mukamugwira.

Chanjerenjere, chooneka timibulu tating'ono tosagayika, ndiye kuti matumbo sakuyamwa chakudya bwino. Chimabwera pambuyo pa ECE, komanso ndi kutupa kwa matumbo kokhalitsa komwe amati IBD, ndipo mwa ferret wachikulire khansa yotchedwa lymphoma imathanso kuyamba choncho. Izi simungasiyanitse kunyumba ayi.

Ndiye pali chopyapyala, chochepa, tsiku lililonse chikucheperachepera mpaka kusiyiratu. Apa ganizirani kuti china chatseka. Ana a ferret amameza labala, siponji, timabatani ta rimoti, zotsekera mmakutu, koma wachikulire wa adrenal chomwe chimamutseka kawirikawiri ndi ubweya wake womwe. Ukuthothoka wambiri, thupi likuyabwa, iye akudzinyambita ndi kudziluma tsiku lonse, ubweya wonsewo ukupita mmimba nkukaumbana, ndipo ferret sasanza ubweya mosavuta monga amachitira mphaka. Chimpira chaubweyacho chitha kukhala mmimba miyezi, akudya pang'ono, akuonda pang'onopang'ono, mpaka tsiku lomwe chatsikira mthumbo nkutsekeratu. Tengani kamtengo muphwanye chimbudzicho mmadzi, mukaona ubweya wambiri muuzeni dokotala.

Chachitatu ndi shuga, ndipo ichi anthu amachiphonya kwambiri

Ma ferret ambiri amene ali ndi adrenal amakhalanso ndi insulinoma, zimakonda kubwera pa msinkhu umodzi. Ndi totupa tating'ono mu kapamba (pancreas) tomwe timatulutsa insulin wambiri, mahomoni otsitsa shuga aja, ndiye shuga wammagazi amatsika, ndi zosiyana ndi matenda a shuga omwe tinazolowera aja. Shuga akatsika ferret amamva nseru, dovu limatuluka, amapalasa mkamwa ndi zikhadabo ngati muli chomwe chamukakamira, amangoyang'ana malo amodzi maso ali gwa, miyendo yakumbuyo imafooka nkumaterereka. Munthu ukaona dovu ndi kupalasa mkamwa umaganiza zammimba basi, pamene ndi shuga. Ndipo ziwirizi zimakokana, akatsegula mmimba sadya, akapanda kudya shuga amatsika, shuga akatsika nseru imakula ndiye sadyanso.

Akafooka mpaka kugwa, pakani uchi pang'ono pa nkhama zake, gwiritsani kathonje ka mmakutu chifukwa chala atha kukulumani osadziwa. Kupaka kokha, osathira mkamwa, angatsamwe. Akatsitsimuka mpatseni chakudya cha nyama nthawi yomweyo, chifukwa uchi wokha umakweza shuga kenako nkumugwetsanso pansi kuposa poyamba. Ngati akugwedezeka ngati wakhunyu kapena sakutsitsimuka, thamangani naye. Kuchipatala akayeza nkupeza shuga ali pansi pa 60 mg/dL, komwe ku UK amawerenga kuti 3.3 mmol/L, ndiye kuti insulinoma ikuganiziridwa kwambiri. Makina oyezera shuga a anthu aja amakonda kuonetsa nambala yotsika kuposa yeniyeni pa ferret, ndiye musadalire okhawo.

Osamusalitsa chakudya

Ambiri tinamva kuti galu akatsegula mmimba umamusiya tsiku lonse osadya kuti mmimba mupume. Kwa ferret ayi ndithu, ndipo ngati pali insulinoma maola ochepa chabe opanda chakudya atha kumugwetsa. Pokhapokha ngati akusanza mobwerezabwereza kapena mukukayikira kuti watsekeka, apo musamukakamize kudya, mutengereni kuchipatala basi.

Ngati sakusanza, mpatseni chakudya chofewa cha nyama yokhayokha. Ferret si wa nsima, si wa phala, si wa mpunga, thupi lake linapangidwira nyama ndi mafuta, ndiye zija za nkhuku ndi mpunga zomwe amapatsa agalu chotsanipo mpungawo. Wiritsani nkhuku opanda mchere, opanda anyezi kapena adyo, chotsani mafupa onse, muigaye ndi msuzi wake mpaka ikhale yamadzimadzi. Kapena gulani kwa dokotala zakudya za odwala monga Hill's a/d, Royal Canin Recovery kapena Oxbow Critical Care Carnivore wa ufa uja. Ngati anazolowera chakudya chouma, nyikani chomwecho mmadzi ofunda muchiphwanye nkusakaniza ndi nkhukuyo, chifukwa ferret amakakamira fungo lomwe analizolowera ali mwana ndipo chachilendo atha kuchikana ngakhale njala ikumupweteka.

Chikhale chofunda pang'ono, yesani pa dzanja lanu. Yambani ndi chala, pakani pa mlomo wake anyambite, ambiri akalawa kawiri katatu amayamba kunyambita okha pa supuni. Akakana gwiritsani sirinji yopanda singano, mulowetse chammbali mwa kamwa, kadontho kadontho, mumpatse mpata womeza, ndipo asagone chagada pomwa. Pang'ono pang'ono maola 3 kapena 4 aliwonse, usiku womwe, ndi bwino kuposa kumukhutitsa kamodzi. Inde mudzuka pakati pausiku masiku angapo, palibe njira ina yachidule apa.

Mkaka ayi, umatsegulitsa mmimba ngakhale ferret wabwinobwino. Zipatso, mphesa zouma, mabisiketi, zotsekemera zonse ayi. Mafuta a salmon aja omwe amawakonda achepetseni kapena asiyeni kaye, akachuluka amafewetsa chimbudzi.

Madzi

Kanyama ka kilo imodzi sikachedwa kuuma. Pa tsiku ferret amamwa pafupifupi 75 mpaka 100 ml, akamatsegula amafunika oposa apo. Ikani madzi mu mbale osati mu botolo la kampira lija lokha, wodwala alibe mphamvu yolimbana nalo. Njira yokoka chikopa chapakhosi kuti muone ngati chibwerera msanga imanamiza pa ferret wa adrenal, chikopa chake chimakhala chopyapyala kale. Bola mugwire nkhama, zikhale zonyowa zoterera ndi zofiirira. Zikakhala zouma zomata ndiye kuti madzi achepa, zikayera mbee ndiye kuti magazi achepa, kaya chifukwa cha zilonda kaya mahomoni aja afooketsa mafupa opanga magazi, zonsezi nzofunika dokotala tsiku lomwelo.

Ife tinakula ndi Thanzi ORS, mwana akatsegula mmimba maganizo amathamangira kumeneko, ndipo ku UK mupeza Dioralyte. Koma zonsezi muli shuga, ndiye kwa ferret amene mwina ali ndi insulinoma funsani kaye dokotala musanampatse. Msuzi wa nkhuku wopanda mchere wosungunula ndi madzi ndi wosaopsa, ndipo akauma kwambiri chomwe chimathandiza ndi madzi obaya pansi pa chikopa kapena dilipi.

Mankhwala a mu kabati mwanu asiyeni momwemo

Apa ndilankhula mwamphamvu chifukwa chizolowezi chogawana mankhwala tili nacho. Brufen kapena ibuprofen aliyense ndi poizoni kwa ferret, kambewu kamodzi katha kumupha. Panado chimodzimodzi. Imodium woletsa kutsegula mmimba uja osampatsa, ngati watsekeka kapena muli tizilombo mukungoonjezera vuto. Flagyl ndi amoxicillin otsala a mwana wanu ayinso, ngakhale dokotala atha kulemba omwewo, mlingo wa kanyama ka magalamu 800 si woyerekeza ndi maso. Mankhwala oterera othandiza kutulutsa ubweya amathandiza kupewa, koma ambiri ndi a malt otsekemera, ndipo chimpira chikaumbana kale sangachisungunule, ngati watsekeka mukungotaya nthawi.

Ndipo ngati ali kale pa prednisolone chifukwa cha insulinoma musamusiyitse mwadzidzidzi poganiza kuti ndi amene akuononga mmimba. Zitha kutheka kuti ndi iyeyo, koma kusiya kamodzinkamodzi nkoopsa, imbani foni akuuzeni chochita. Nthawi zonse azimwa atadya.

Nthawi yoti mupite kuchipatala

Sakukodza, chimbudzi chakuda kapena cha magazi, kusanza kopitirira kamodzi, chimbudzi chasiya kutuluka, nkhama zoyera, wagwa kapena wazizira thupi, izi nza nthawi yomweyo olo ndi Lamulungu usiku. Kukana chakudya chilichonse kwa theka la tsiku, kapena kutsegula kopitirira maola 24 ngakhale akusewera, pitani tsiku lomwelo. Chimbudzi chofewa kamodzi kapena kawiri koma akudya, akumwa, akukodza, akuthamanga, mutha kumuyang'anira kunyumba.

Pali gulu lina lapadera, amene anachotsedwa adrenal pa opaleshoni. Yakumanzere imachoka mosavutirapo, yakumanja inamatirira ku mtsempha waukulu wa magazi ndiye madokotala ena amachotsa mbali chabe. Ngati zonse ziwiri zinachotsedwa, kapena imodzi yonse ndi gawo lalikulu la inayo, thupi litha kusowa mahomoni osunga mchere ndi madzi, zomwe amati Addison. Ferret amafooka, sadya, amasanza kapena kutsegula, ndipo apa ndiye zammimbazo zikuchokeradi ku nkhani ya adrenal. Magazi amaonetsa sodium wotsika ndi potassium wokwera, mankhwala ake alipo monga fludrocortisone kapena jakisoni wa DOCP, koma zimafuna changu. Ngati wanu anachitidwa opaleshoni yotere nenani zimenezo pa foni pomwepo.

Fufuzani dokotala amene amaona ma ferret kawirikawiri, kunjaku amawatchula a exotics, si aliyense wa agalu ndi amphaka amene anawazolowera. Nambala yake ndi ya chipatala chausiku zikhale mu foni lero lomwe, musadikire tsiku la vuto.

Popita tengani zithunzi zija, chimbudzi chatsopano mu kabotolo, mankhwala onse omwe akumwa, ndi tsiku lomwe anaikidwa implant, kambewu ka mankhwala oziziritsa mahomoni a adrenal. Ambiri masiku ano amaikidwa deslorelin, dzina la pamsika ndi Suprelorin, ka 4.7 mg pansi pa chikopa pakati pa mapewa, ena amabayidwa leuprolide mwezi ndi mwezi, ena melatonin. Deslorelin masabata awiri oyambirira amatha kukweza kaye zizindikiro asanazitsitse, ndiye wamphongo wa prostate yayikulu muzimuyang'anitsitsa mkodzo nthawi imeneyo. Komanso implant imatha mphamvu, ena chaka chisanathe ena kupitirira chaka, ndipo simachotsa chotupacho, imangoziziritsa mahomoni. Mukaona ubweya wayambanso kuthothoka kumchira ndiye kuti nthawi yoika ina yakwana, musadikire kuti afike podzipanikiza.

Musachite manyazi kupempha kuti ayeze shuga, aone kuchuluka kwa magazi, ayeze chimbudzi ngati muli tizilombo ta mmatumbo totchedwa coccidia kapena giardia, ndipo agwire mimba bwinobwino. X-ray nthawi zambiri sionetsa ubweya kapena labala, ndiye akanena kuti palibe chomwe chaoneka koma chimbudzi chikucheperabe funsani za sikani, yomwe imaonetsanso kukula kwa adrenal, prostate ndi anabere otupa a mmimba (ma lymph node) nthawi imodzi. Kutsegula kukatenga masabata osamva mankhwala, kusiyanitsa IBD ndi lymphoma kumafuna kudula kachidutswa ka thumbo kukayeza, ndi ndalama ndithu, koma kumangosintha maantibayotiki mwezi ndi mwezi nakonso kumadya ndalama kanyama kakuonda.

Akapeza zilonda, kawirikawiri amapereka sucralfate wokuta zilondazo, wina wochepetsa asidi monga famotidine kapena omeprazole, ndi maantibayotiki awiri a Helicobacter kwa masabata awiri kapena kuposa. Sucralfate amaperekedwa mmimba mulibe kanthu, chakudya chibwere patapita mphindi 20 mpaka 30, ndipo atalikirane ndi mankhwala ena chifukwa amawatchinga kuti asalowe mthupi. Akakhala kuti mmodzi mwa maantibayotikiwo ndi metronidazole, Flagyl uja, dziwani kuti ndi wowawa koopsa, ferret amachita thovu mkamwa ndi kulimbana nanu, ngati zikukanika uzani dokotala asinthe mtundu mmalo mongosiya panjira. Malizani masiku onse olo aoneke kuti wachira.

Akayamba kupeza bwino

Musathamangire kumubwezera pa chakudya chouma tsiku limodzi. Pitirizani chofewacho, muzionjezera chakale pang'onopang'ono kwa sabata kapena kuposa, amene anadwala ECE kapena zilonda ena amatenga mwezi asanayambe kudya okha bwinobwino. Chimbudzi chanjerenjere chitha kumabwerabwera kwa kanthawi, bola sikelo ikukwera.

Sikelo yake ndi ya kukhitchini yomweyo, muikeni mu mbale yakuya, tsiku lomwelomwelo sabata iliyonse, lembani mu kabuku. Ferret amanenepa nyengo yozizira nkutsika nyengo yotentha, zimenezo nzachibadwa, koma kutsika sabata ndi sabata mosalekeza ndi chizindikiro chomwe chimabwera msanga kuposa china chilichonse, ndipo wopanda ubweya amaoneka woonda kale ndiye maso okha sangakuuzeni. Mu kabuku komweko lembani tsiku la implant ndi la kuyeza shuga, kwa wachikulire miyezi 6 iliyonse ndi bwino.

Ubweya womwe watsala muzimupesa tsiku lililonse nyengo yothothoka, zofunda zake muzichapa pafupipafupi kuti asamameze womwe wagwera mmenemo, ndipo kuyabwa kukachuluka nenani kuchipatala chifukwa kukachepa kudzinyambita nakonso kumachepa. Wopanda ubweya amazizidwa msanga, mpatseni kabulangete kofewa kopanda ulusi wolendewera woti angameze, koma osamuika pafupi ndi hita, ma ferret sapirira kutentha kukafika cha mma 27 digiri kupita mmwamba. Usiku chipinda chake chizikhala cha mdima weniweni maola 12 kapena kuposerapo, TV ndi magetsi zozimitsa, kapena mufunditse khola lake ndi nsalu yokhuthala kusiya mpata wa mpweya. Ndipo nthawi imene akuchirayi si yobweretsa ferret watsopano mnyumba, dikirani kaye, ndipo mukadzabweretsa akhale kwayekha masabata osachepera awiri ndi mbale zake ndi tileyi yake asanakumane.